Funsani Amisiri: Nyumba zakale za m'mbali mwa nyanja, ku Brighton ndi kwathu kuno

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kunyanja, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Ena akufunsa za Brighton, tawuni ya m'mbali mwa nyanja ku England yotchuka ndi nyumba zake zakale, ena akudandaula za makoma awo amene akunyenyeka. Akuyankha ndi amisiri odziwa ntchito yokonza nyumba zakale.

Ndimaphunzitsa mbiri pa sekondale ina kuno. Ophunzira anga anaona zithunzi za Brighton: nyumba zoyera zondondozana m'mbali mwa nyanja, ndi chinyumba china cha madenga obulungira ngati mzikiti. Akuti kale unali mudzi wa asodzi. Zinatheka bwanji, ndipo chinyumbacho ndi mzikitidi?
*Mphunzitsi, Nkhotakota*

Aphunzitsi, si mzikiti ayi. Dzina lake ndi Royal Pavilion, nyumba yopumulirako ya mwana wa mfumu amene pambuyo pake anadzakhala Mfumu George IV. Komabe ana anu ali ndi diso, chifukwa amene anaijambula, John Nash, anatengera nyumba zachifumu za Asilamu a ku India. M'kati mwake namo anakongoletsa motengera ku China.

Brighton ili kumwera kwa England, m'dera la Sussex, makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku London. Kale inkatchedwa Brighthelmstone, ndipo anthu ake ankadalira ukonde ndi bwato monga a ku Chia kapena ku Senga Bay. Mudziwo unaona zakuda. Afalansa anautentha mu 1514, ndipo anamondwe a mu 1703 ndi 1705 anakokolola nyumba za asodzi zimene zinali kunsi, pagombe penipeni. Malire a mudzi wakalewo akuonekabe lero pa misewu itatu, East Street, West Street ndi North Street. Msewu woyamba wakumwera unapita ndi madzi.

Chinadzutsa mudziwo ndi nkhani ya umoyo. Mu 1750 dokotala wina wa m'tawuni yoyandikana nayo ya Lewes, Richard Russell, analemba kuti madzi a m'nyanja yamchere amachiza matenda munthu akamasambamo, ngakhalenso kumwa kumene. Anthu achuma anayamba kukhamukirako. Ankalowa m'tinyumba ta mateyala tokokedwa mpaka m'madzi, ndipo anthu a pamudzipo, ena a iwo akazi a m'mabanja a asodzi monga Martha Gunn, ankalipidwa powamiza ndi kuwavuula. Mwana wa mfumu uja anafikako koyamba mu 1783. Mu 1787 Henry Holland anamumangira nyumba yooneka bwino koma yosadabwitsa, ndipo kuyambira 1815 Nash anaikuza, nkuika mafelemu a chitsulo pamwamba pa nyumba yoyambayo kuti anyamule madenga obulungira aja. Kumene kwapita mfumu, olemera amatsatira: Kemp Town inayamba kumangidwa mu 1823 chakum'mawa, Brunswick Town mu 1824 chakumadzulo ku Hove, tawuni yogundizana ndi Brighton. Njanji yochokera ku London itafika mu 1841, anthu wamba nawonso anayamba kubwera kudzacheza tsiku limodzi. Mu 1801 m'tawunimo munali anthu opitirira 7,000 pang'ono. Pofika 1851 anali opitirira 65,000.

Mfumukazi Victoria sanaikonde Pavilion, ndipo mu 1850 anaigulitsa kwa akuluakulu a tawuni pa mtengo wa mapaundi 53,000. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse inasanduka chipatala cha asilikali a ku India ovulala. Koma chimene ife tikufuna ana anu amve ndi ichi: pasanathe zaka khumi chimalizikireni, denga la nyumba yachifumuyo linali litayamba kudontha. Mapaipi a madzi a mvula anabisidwa m'makoma kuti asaipitse maonekedwe, ndiye akatsekeka madzi ankasefukira m'kati, matabwa nkumawola popanda woona. Kuyambira pamenepo mpaka lero ntchito yoikonza sinathepo.

Ndine bilidala. Nyumba zimenezo zakhala zaka 200 pafupi ndi madzi amchere. Anagwiritsa ntchito simenti yamtundu wanji yolimba chonchi?
*Bilidala, Salima boma*

Achimwene, mudabwa kumva kuti zambiri mwa nyumbazo zilibe simenti imene inu mukuidziwa, ndipo makoma ake ndi ofooka kuposa a njerwa zabwino za kuno. Simenti ya Portland inalembetsedwa ndi Joseph Aspdin mu 1824, ndipo panapita zaka zambiri isanafale. Omanga a ku Brighton ankathamangira phindu, njerwa zinali ndi msonkho kuyambira 1784 mpaka 1850, choncho anapeza njira yotchipa imene amaitcha bungaroosh.

Ngati munaonapo nyumba ya mdindo, mwaimvetsa kale. Ankaimika matabwa mbali ziwiri, nkuthira pakati pake laimu (njereza) wosakaniza ndi mchenga, nkuponyamo chilichonse chimene chinali pafupi: miyala yolimba kwambiri yotchedwa flint, nsangalabwi za pagombe, zidutswa za njerwa, nthawi zina ngakhale timatabwa. Zikagwirana, ankakweza matabwa aja nkuthiranso. Njerwa zenizeni ankaziika m'makona, m'mbali mwa zitseko ndi mawindo, ndi m'machumuni. Kutsogolo kwa nyumba ankapaka pulasitala wosalala wotchedwa stucco, wa laimu kapena wa Roman cement ya James Parker ya mu 1796, nkulemba mizere pamwamba pake kuti aoneke ngati miyala yosema. Kuyera kumene mukuona pa zithunzi ndi kumeneko. Njira ina ikuoneka pa Royal Crescent, nyumba 14 zomangidwa pakati pa 1798 ndi 1807: khoma lake ndi la matabwa, ndipo pamwamba anakhomapo matailosi akuda onyezimira, opangidwa mwaluso kuti azioneka ngati njerwa. Amawatcha mathematical tiles.

Zonsezi zili ndi matenda ake. Bungaroosh akanyowa kwa nthawi yaitali amafewa, miyala nkuyamba kusuntha. Akauma mopitirira amafumbutuka. Kukhomapo shelefu ndi ntchito, chifukwa chobowolera chimagunda flint wolimba kwambiri pano, apo nkulowa mu laimu wofewa. Matailosi aja amatsetsereka misomali yake ikadyedwa ndi dzimbiri. Mawindo otulukira kunja anatsamira pa mitanda ya matabwa yobisika m'pulasitala, ndipo mtanda ukawola, khoma lonse la pamwamba pake limatsika. Magatala ambiri ali kuseri kwa kakhoma kotchinga denga, kumene masamba ndi zisa za mbalame zimatseka njira ya madzi mwininyumba osadziwa. Onjezanipo mphepo yochokera kumwera chakumadzulo, imene imamenyetsa mvula ndi mchere pakhoma.

Nanga zakhalitsa bwanji? Zifukwa ndi ziwiri. Laimu amalola chinyezi kulowa ndi kutulukanso, komanso amapirira khoma likasuntha pang'ono, osathetheka ngati simenti. Chachiwiri ndi chisamaliro chosalekeza. Ku Brunswick Square ndi Brunswick Terrace kuli lamulo la mu 1976 lokakamiza eni nyumba kupenta kutsogolo kwa nyumba zawo zaka zisanu zilizonse, onse mtundu umodzi. Pokonzekera kupentako amakwera pamwamba, amaona ming'alu, amatsuka magatala. Amisiri a kumeneko amadziwanso kuti nyumba za bungaroosh zimene zinavutika kwambiri ndi zimene eni ake, pofuna kuchita bwino, anazikuta ndi simenti yolimba ndi penti wosatulutsa chinyezi.

Ndili m'komiti ya pa mpingo wathu. Tili ndi nyumba yakale ya njerwa zowotcha zomangidwa ndi dothi, ya nthawi ya achimishoni. Zaka zitatu zapitazo tinaipaka pulasitala wa simenti ndi penti wa mafuta kuti ioneke bwino. Tsopano pulasitalayo akusupuka, m'kati mukununkha chinyezi, njerwa za m'munsi zikunyenyeka ngati ufa. Tinalakwitsa pati?
*Mkulu wa mpingo, Nkhotakota*

Bambo, cholinga chanu chinali chabwino, koma matenda a nyumba yanu ndi omwe aja a ku Brighton. Nyumba zakale zambiri zilibe pepala lakuda lotchinga chinyezi pamaziko, choncho dzinja lililonse khoma limakoka madzi kuchokera pansi. Kale madziwo ankauma potulukira m'mizere ya dothi ndi m'njerwa. Inu mwatseka njirayo mbali zonse. Simenti imachita timing'alu tating'onoting'ono tolowetsa mvula koma osaitulutsa, ndipo penti wa mafuta wamata ngati pulasitiki. Madzi akwera m'mwamba kufunafuna potulukira, atenga mchere wa m'dothi, ndipo mcherewo ukauma m'kati mwa njerwa umatupa nkuiphwanya. Ufa umene mukuona ndi umenewo. Ngati munathiranso simenti pansi m'kati, chinyezi chonse chimene chinkauma kudzera pansipo chikuthawira kumakoma.

Musayambe ndi khoma. Yambani ndi madzi. Mvula ikamagwa, zungulirani nyumbayo ndi ambulera muone kumene madzi akugwera ndi kumene akuima. Malata atuluke kunja kwa khoma mamilimita 600 kapena kuposa. Dothi la kunja likhale lotsika ndi mamilimita 150 kuchokera pa mlingo wa pansi pa m'nyumba. Pa nyumba zakale limakhala litakwera chifukwa cha zinyalala zosesedwa ndi maluwa obzalidwa m'mphepete. Lichotseni, mutsetserekitse kuti madzi azithawa khoma, ndipo ngalande ikhale mita imodzi kapena kuposa kuchokera pamaziko. Musakumbe kupitirira pamene maziko athera.

Mvula ikatha, cha mu Meyi kapena Juni, gogodani pulasitala ndi chigwiriro cha hamala. Pamene pakumveka mphako, chotsani ndi hamala ndi tchizulo, modekha, tchizulo chitagona. Galainda ayi, amadula njerwa. Pamene simenti yagwira zolimba moti ikuchoka ndi nkhope ya njerwa, isiyeni kaye, idzadzilekanitsa yokha. Chofunika kwambiri ndi kutsegula mita imodzi ya m'munsi, kunja ndi m'kati. Kenako dikirani. Amisiri a ku England amawerengera mwezi umodzi pa mamilimita 25 aliwonse a kuchindikala kwa khoma kuti liume. Kunyanja kuno kumatentha, ndiye zimafulumirapo, koma si nkhani ya sabata imodzi. Mchere woyera ukatuluka, usesereni ndi burashi youma. Mukautsuka ndi madzi mwaubwezera m'khoma.

Pamene khoma likuuma, konzani laimu, njereza ija ankapaka makolo athu. Apa ambiri amagwa. Laimu wa m'munda, wothira m'dothi la mbewu, ndi mwala wongopera ndipo sagwira ngakhale pang'ono. Wofunika ndi laimu womangira. Ngati ndi wa ufa wa m'matumba, thirani madzi m'mgolo, muziwazamo ufawo mukutakasa mpaka ukhale ngati phala lolimba, musiye madzi pang'ono pamwamba, muvundikire. Tsiku limodzi ndiye lochepetsetsa, masabata angapo ndiye bwino. Ngati ndi wa mibulu yowotcha, samalani kwambiri: mibuluyo ndiyo imaponyedwa m'madzi, osati madzi pa mibulu, chifukwa imawira nkuthovukira kumaso. Valani magalasi ndi magolovesi, ana akhale kutali. Phalalo lisefeni, likhale m'madzi miyezi itatu. Laimu wa thumba lotsegula kalekale amakhala atafa. Muyeseni poumba kachibumba ka laimu ndi mchenga nkukasiya pamthunzi masabata awiri. Kakangofumbutuka ngati mchenga, musamugwiritse ntchito.

Muyezo wake ndi ndowa imodzi ya phala la laimu pa ndowa zitatu za mchenga wokhakhala. Musafulumire kuthira madzi. Pondani ndi kusakaniza kwa nthawi yaitali, mudzaona matope akufewa okha. Madzi akachuluka, matopewo amang'aluka pouma. Abilidala ena adzakuuzani kuti muthiremo simenti pang'ono kuti zigwire msanga. Kanani. Simenti yochepa imatseka timabowo ta laimu popanda kupereka mphamvu yeniyeni.

Njerwa zimene zadyeka kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu zichotseni imodziimodzi, osati mzere wonse nthawi imodzi, muikemo zina zofanana nazo kukula ndi kufewa. M'mizere yokumbika, kokotani mpaka kuya kwake kukhale kowirikiza kawiri kutalikirana kwa njerwa, pafupifupi mamilimita 20 mpaka 25, nyowetsani, mukanikizemo matope zolimba. Ngati mukufuna pulasitala, pakani kawiri kapena katatu, ulendo uliwonse osapitirira mamilimita 10, woyamba nkumukanda mizere kuti wachiwiri agwire, ndipo pakati pake padutse sabata. Laimu sauma ngati simenti. Amalimba pang'onopang'ono pokoka mpweya, ndipo akauma msanga ndi dzuwa kapena mwera amasanduka fumbi. Kolekani masaka onyowa patsogolo pa khoma, muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu. Okutobala si mwezi wa ntchito imeneyi. Pomaliza pakani njereza yosungunula ngati mkaka, pakhoma lonyowetsa, kanayi kapena kasanu, tsiku limodzi kamodzi. Ikamapakidwa imaoneka ngati madzi chabe, ndipo apa m'pamene anthu amailimbitsa nkulakwitsa, poti imayera ikauma.

Mukadali pomwepo, yang'anani tinjira ta chiswe m'makona ndi pamene mapaso alowa m'khoma. Kamtengo ka mkuyu kapena kachere kakamera m'khoma, kaduleni nkumachotsa mphukira mpaka kafe. Mukakazula kamachoka ndi njerwa. Mng'alu waukulu ulembeni ndi pensulo kumene wathera, ndi tsiku lake, muuyeze m'chilimwe ndi m'dzinja. Ukapitirira mamilimita 5 nkumakulabe, itanani injiniya musanaumate.

Mchenga wa kunyanja uli pakhomo pompano. Ndingamangire?
*Wowerenga wa ku Senga Bay*

Ku Brighton mchenga ndi miyala ya pagombe zinalowetsa mchere m'makoma, ndipo mchere umakoka chinyezi mpaka kalekale. Nyanja yathu ilibe vuto limenelo. Vuto la kuno ndi lakuti mchenga wa pagombe nthawi zambiri ndi wosalala ndiponso wofanana kukula, choncho matope ake sagwirana bwino. Wa kumtsinje, wokhakhala m'manja, wosakanikirana waukulu ndi waung'ono, ndiye wabwino. Uyeseni m'botolo: mchenga theka, madzi pamwamba, khutchumulani, usiyeni maola atatu. Matope okhala pamwamba asapose mamilimita 8 pa mchenga wa mamilimita 100. Madzi osakanizira nawonso alaweni, poti zitsime zina za ku Salima ndi zamchere. Ndipo kumbukirani kuti mchenga wa kutsogolo kwa nyumba yanu ndiwo umalandira mafunde a mwera. Nyanja itakwera mu 2024, ambiri anaona kufunika kwa gombe limene anali kulikumba.

Ndinaona chithunzi cha mafupa a chitsulo ataima okha m'nyanja ku Brighton. Chinachitika n'chiyani? Ndikufunsa chifukwa nsanamira zachitsulo za khonde la nyumba yakale imene ndikuyang'anira zikutupa m'munsi, simenti yozungulira nkumasweka.
*Woyang'anira nyumba, Chipoka*

Bambo, mafupa amenewo ndi a West Pier, mlatho wochezerapo wolowa m'nyanja umene Eugenius Birch anamanga mu 1866. Nsanamira zake zinali za chitsulo chothira m'chikombole, chonga cha miphika ya miyendo itatu, ndipo ankazipotokola kuti zilowe pansi pa nyanja ngati sikuluwu. Unatsekedwa mu 1975 ndalama zokonzera zitasowa. Unali pa mndandanda wapamwamba kwambiri wa zomanga zotetezedwa, koma pepala silitchinga dzimbiri. Mbali ina inagwa ndi namondwe kumapeto kwa 2002, ndipo moto unautentha kawiri mu 2003. Mnzake, Palace Pier, wotsegulidwa mu 1899, wotalika mamita opitirira 500, akadali moyo chifukwa umapanga ndalama ndipo amisiri amaupenta ndi kuusintha zitsulo chaka ndi chaka. Palinso Madeira Terrace, khonde lachitsulo la zipata 151, lotalika mamita 865, lomangidwa m'zaka za m'ma 1890. Madzi ankalowa pamwamba poyenda anthu nkudya zitsulo zobisika m'konkire, mpaka linatsekedwa ndi mpanda poopa ngozi.

Nsanamira zanu zikudwala chimodzimodzi. Dzimbiri limatenga malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, ndiye likatupa limaswa simenti, madzi nkupeza njira yokulirapo. Chirikizani denga ndi mitengo kaye. Gumulani simenti yozungulira phazi la nsanamira mpaka mufike pa chitsulo chabwino, palani ndi burashi ya waya mpaka chiwale, ndipo tsiku lomwelo pakani penti woyamba woteteza ku dzimbiri, poti chitsulo chopala chikagona usiku kunyanja chimayambanso. Pakani woyambayo kawiri, wa pamwamba kawiri. Pobwezera simenti, itsetsereke kuchoka pa nsanamira kuti madzi asaime pa phazi. Ngati nsanamira ndi yamphako, boolani kabowo m'munsi kotulutsira madzi.

Dziwaninso mtundu wa chitsulo musanaitane wowotcherera. Paipi wamba amawotchereka bwinobwino. Chitsulo chothira m'chikombole chimanyamula katundu wolemera koma n'chosachedwa kuthetheka, ndipo chikatenthedwa malo amodzi chimang'aluka pozizira. Chimenecho ndi bwino kuchimanga ndi zitsulo zothandizira ndi mabawuti. Mukapeza kuti phazi ladyeka mpaka kubooka, penti sangathandize. Pafunika kusintha chigawocho.

Mwininyumba ku England akafuna kugwetsa nyumba yake yakale, amamuletsa ndani? Kuno nyumba zakale zikutha, ndipo tinjira ta m'tawuni yakale tikutsekedwa ndi mipanda.
*Mayi wa bizinesi, Nkhotakota*

Mayi, amamuletsa ndi lamulo, koma lamulolo linabwera chifukwa anthu anadzuka. Mu 1945 khonsolo ya ku Hove inkafuna kugwetsa Brunswick Square ndi nyumba zoyandikana nayo kuti imange zamakono. Anthu anakana, nkukhazikitsa bungwe la Regency Society, limene lilipo mpaka lero. Malo amene ankati ndi okalamba aja tsopano ndi amodzi mwa onyaditsa tawuniyo.

Ku England nyumba zofunika zimalembedwa pa mndandanda wa boma, mothandizidwa ndi bungwe la Historic England, m'magulu atatu: Grade I, Grade II* ndi Grade II. Zoposa 90 pa 100 zilizonse zili m'gulu lomalizali. Ku Brighton ndi Hove zolembedwa n'zoposa 1,200. Nyumba ikalembedwa imakhalabe ya mwini wake, angathe kugonamo, kuigulitsa kapena kuchitiramo malonda. Chimene sangachite ndi kuigwetsa kapena kusintha maonekedwe ake, kunja ngakhale m'kati, popanda chilolezo cha khonsolo, ndipo kutero ndi mlandu. Kuyambira 1967 anawonjeza njira yoteteza dera lonse, osati nyumba imodzi yokha, kuphatikizapo mitengo yake.

Ife tikuona kuti mfundo yachiwiriyi ndiyo ikukhudza funso lanu kwambiri. Malo okopa alendo ochuluka ku Brighton ndi The Lanes, pakati pa mudzi wakale wa asodzi, ndipo nyumba zake zambiri si zodabwitsa. Zambiri zinamangidwanso m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Chimene chinasungika ndi tinjira take topapatiza, timene kumeneko amati twittens, tina toti anthu awiri amapatukirana movutikira. Dera la North Laine nalo misewu yake inatsata malire a minda yakale. Mawu akuti laine ndi a kumeneko, otanthauza munda waukulu. Nyumba ikagwa ingathe kumangidwanso, koma njira ikatsekedwa ndi mpanda nkulembedwa pa pulani ya puloti, yapita.

Nkhotakota ili ndi zambiri zoti munthu aziyendera wapansi: mkuyu wa pa St Anne's pamene David Livingstone anakumana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, tchalitchi cha All Saints pamene anaikidwa Bishopu Chauncy Maples atamira m'nyanja mu 1895, dera la mzikiti wakale, ndi njira zotsikira kunyanja. Dziko lathu lili ndi lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo nthambi ya boma ya Museums and Monuments ndiyo imayang'anira malo otetezedwa. Koma boma limateteza chimene chalembedwa. Yambani ndi kaundula wanu: pepala limodzi pa nyumba iliyonse, zithunzi za mbali zonse zinayi, muyezo wa m'litali ndi m'lifupi, zimene inamangidwira, ndi zimene akuluakulu a m'deralo akukumbukira, dzina la wonenayo ndi tsiku zitalembedwa. Njira nazo zijambuleni pa mapu, muyeze kukula kwake, mulembe maina amene anthu amazitchula ndi mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwake. Ophunzira a aphunzitsi amene afunsa poyamba paja angaigwire ntchitoyi m'temu imodzi. Kope lina lipite kwa mfumu, lina ku khonsolo kumene amavomereza mapulani, lina ku nthambi ya boma ija. Eni nyumba muwafikire mwaulemu kuyambira pachiyambi, poti munthu akamva mphekesera yoti nyumba yake ilandidwa amafulumira kuigwetsa.

Ndikupita kukaona mwana wanga ku London, ndipo walonjeza kunditengera ku Brighton tsiku limodzi. Ndikaone chiyani, poti miyendo yanga siyenda mtunda wautali?
*Agogo, Salima*

Agogo, sitima yochokera ku London Victoria kapena London Bridge imatenga ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo kuchokera pa siteshoni kupita kunyanja n'kotsetsereka. Musanatuluke, kwezani maso muone denga la chitsulo ndi magalasi la siteshoniyo. Tsikirani ku Trafalgar Street, mudutse m'misewu ya timashopu ya North Laine mpaka ku Royal Pavilion. M'munda mwake mumalowedwa ulere ndipo muli mipando; m'nyumbamo amalipiritsa, koma chipinda chodyera, chipinda cha nyimbo ndi khitchini yake yaikulu n'zoyenera ndalamazo, ndipo zonse zili pansi, zosafuna masitepe. Mukawoloka North Street mwalowa mu The Lanes. Kum'mawa kwake kuli bwalo la Old Steine, pamene asodzi ankayanika maukonde awo, ndipo Palace Pier ili poteropo. Mukaima pamlathowo nkuyang'ana kumadzulo mudzaona mafupa a West Pier.

Nyumba zoyera za Kemp Town zili patali ndithu chakum'mawa. M'miyezi yofunda kumayenda kasitima ka magetsi ka Volk's Electric Railway, kamene kanayamba mu 1883, ndipo kamadutsa m'mphepete mwa nyanja moyang'anana ndi Madeira Terrace. M'nyengo yozizira kamaima, ndiye mukwere basi ya pa Marine Parade, imene imadutsanso pa Royal Crescent. Tchalitchi cha St Nicholas, nyumba yakale kwambiri ya mudzi woyamba uja, chili pa chitunda. Ngati mawondo akuvuta, chisiyeni. Gombe la kumeneko ndi la nsangalabwi, osati mchenga ngati ku Senga Bay, choncho valani nsapato zotseka, mutenge ndi juzi yochindikala ngakhale dzuwa likuwala. Pobwerera ku siteshoni n'kokwera, mwana wanu akukwezeni basi.